Chitchaina chimaphunzirika pawekha, bola zida zake zikhale mmanja mwako

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga mu nyuzipepala yanuyi ndinenepo zomwe zakhala zikundidya mumtima kwa kanthawi ndithu. Masiku ano anthu ofuna Chitchaina achuluka, ena chifukwa cha sukulu, ena bizinesi, ena angochikonda basi, koma ukacheza nawo upeza kuti ambiri aima pamalo amodzimodzi, anadawuniloda ka app kokongola pa foni, akhala akudinadina miyezi 6 kapena chaka chathunthu, moni amatha, manambala amatha, koma uwapatse nkhani yeniyeni yomwe Mtchaina walembera Atchaina anzake, amangoti kakasi. Kenako amati Chitchaina nchosatheka, ndi cha anthu a mitu yapadera. Ayi ndithu. Ineyo ndadutsa momwemo ndipo ndikufuna ndiwauze anzanga kuti njira ina ilipo, ya mapulogalamu a open source omwe amakulola kuphunzira kuchokera ku zinthu zenizeni, ma vidiyo enieni, nkhani zenizeni, ndipo zonse zomwe wasonkhanitsa zimakhala zako mpaka kalekale.

Chomwe chinanditsegula maso chinali chowawa. Ndinali ndi app ina, dzina sinditchula, momwe ndinkasungamo mawu aliwonse atsopano omwe ndakumana nawo, ndipo ndinkalembamo timawu tanga tondikumbutsa, kuti chilembo ichi chimaoneka ngati munthu watsamira mtengo, ichi ndimachisokoneza ndi chakuti. Ntchito ya miyezi yambiri imeneyo, usiku ndi usiku. Tsiku lina ndikutsegula ndangoona asintha zonse, mndandanda wanga uja auika kuseri kwa zolipira mwezi ndi mwezi, ndipo batani lotulutsira mawu angawo kuti ndipite nawo kwina panalibe. Ndinawalembera, yankho lake linali loti pepani ndi momwe tikuyendetsera tsopano. Ndalama sizinandipweteke kwenikweni, munthu akagwira ntchito ayenera kudya, ndikuvomereza. Chinandipweteka nchoti thukuta linali langa koma kiyi anali ndi wina. Akuluakulu anati phukusi la moyo umasunga wekha, nde kuyambira tsiku limenelo ndinalumbira kuti mawu anga a Chitchaina sindidzasungitsanso kwa munthu yemwe angathe kunditsekera chitseko.

Kwa omwe mawu oti open source ndi achilendo, tanthauzo lake silovuta. Pulogalamu iliyonse imalembedwa ndi code, nde makampani ambiri code yawo amabisa, iwe umangoona kunja kokha. Ya open source code yake ili poyera, nthawi zambiri pa webusaiti yosungirapo code yotchedwa GitHub, aliyense atha kuiwerenga, kuikonza, kuigawa kwa ena malinga ndi laisensi yake. Musati poti sindinu olemba mapulogalamu ndiye sizikukukhudzani, zikukukhudzani kwambiri, chifukwa pulogalamu yotere mwini wake akatopa nayo siifa wamba, ena atha kuitola, komanso mafayilo ake amakhala otseguka, utha kuwanyamula kupita nawo pa kompyuta ina kapena pulogalamu ina popanda kupempha chilolezo kwa wina aliyense.

Maziko a zonsezi ndi dikishonale ina yotchedwa CC-CEDICT. Anaiyamba ndi Paul Denisowski mu 1997 ndi dzina loti CEDICT, potengera zomwe Jim Breen anachita ndi EDICT ya Chijapanizi, ndipo pano anthu ongodzipereka akhala akuwonjezeramo mpaka mawu ake anadutsa 120,000. Tsiku lomwe ndinaitsegula koyamba ndinadabwa, ndimayesa ndipeza chinthu chovuta chofuna akatswiri, koma ndi fayilo ya malemba wamba, mzere uliwonse liwu limodzi, poyamba zilembo zachikale zomwe amalemba ku Taiwan ndi Hong Kong, kenako zilembo zophweketsedwa za ku China ndi Singapore, kenako pinyin yake, ndiye katchulidwe kolembedwa ndi zilembo zathuzi, pomaliza tanthauzo mu Chingerezi. Basi. Koma fayilo yooneka yosanunkha kanthu imeneyi ndi yomwe ili mkati mwa zida zambirimbiri zophunzirira Chitchaina, ngakhale ma app ena olipiritsa amadalira yomweyi, chifukwa laisensi yake ya Creative Commons imalola kuti uitenge, bola utchule komwe waitenga ndipo zomwe wasinthazo ugawenso chimodzimodzi.

Tsono pamwamba pa dikishonaleyi pali ka extension, kapulogalamu kowonjezera mu browser, kotchedwa Zhongwen, kamagwira pa Chrome ndi Firefox, ndipo kameneka ndi komwe kanasintha moyo wanga wa kuwerenga. Umangoyendetsa mouse pamwamba pa chilembo, pompo kabokosi kamatuluka kokuonetsa katchulidwe ndi tanthauzo, osachoka pa tsamba lomwe ukuwerenga. Muganize kuti kale munthu ankayenera kuyamba wapeza mbali yaikulu ya chilembo, kuwerenga timizere totsala, nkumasanthula mu buku, liwu limodzi mphindi zingapo, nde nkhani ya ndime zitatu inkakudyera madzulo onse.

Ine ndimakonda za kukonza mafoni ndi timakina ta magetsi, choncho chinthu choyamba chenicheni chomwe ndinawerenga chinali macheza a anthu pansi pa vidiyo ya bambo wina yemwe amatsegula foni yoti yasiya kuchaja. Ndikukumbukira bwinobwino, ndinaika mouse pa 电池, kabokosi kanati diànchí, batire. Chilembo choyamba chija ndinachizindikira, 电 diàn, magetsi, ndinali nditachiona mu 电话 diànhuà, telefoni, kuyankhula kwa magetsi titero. Ndinatsika pang'ono ndikupeza 电脑 diànnǎo, ubongo wa magetsi, ndiye kompyuta imeneyo. Mtima unagunda, ndinayamba kuchisaka dala chilembocho tsamba lonse, 电视 diànshì wailesi ya kanema, 电影 diànyǐng chithunzithunzi cha magetsi, yomwe ndi filimu. Usiku umodzi womwewo ndinagwira banja lathunthu la mawu, ndipo palibe anandiuza kuti lowezani izi, ndinakumana nawo mmalo mwawo momwe amakhala, pakamwa pa anthu okwiya kuti batire yawo ikutha msanga. Wina analemba kuti 坏了 huài le, yawonongeka, ndipo ka 了 le kameneko komwe buku linandizunguza nako masamba angapo ndinakamva mmene kamagwirira ntchito pamenepo, kuti chinthu chasintha, chinali bwino pano sichilinso bwino. Mpaka lero ndikaona foni yakufa mmutu mwanga mumabwera huài le Chingerezi chisanabwere.

Apa mpomwe pali mtima wa kalata yangayi. Buku la mkalasi limakupatsa Chitchaina chosefa, chochapa, choti palibe munthu amayankhula choncho akakhala ndi anzake. Ndi chothandiza poyambira, sindikukana, koma ukakhalitsa mmenemo umakhala ngati munthu wophunzira kusambira pa mtunda. Katswiri wa zinenero Stephen Krashen wakhala akunena kuyambira zaka za m'ma 1980 kuti chinenero chimalowa ukamamva ndi kuwerenga zinthu zomwe ukuzimvetsa koma zili patsogolo pako pang'ono chabe. Ena amatsutsana naye pa mfundo zina, makamaka pa za kuyankhula ndi galamala, ndipo nanenso sindimuvomereza zonse, koma pa ichi chokha choti popanda kumva ndi kuwerenga zambiri supita patali, ndaona ndi maso anga.

Nkhani ya kukweza ndi kutsitsa mawu, ma tone aja, ndi yomwe imaopseza anthu kwambiri. Chimandarini, chomwe ndi Chitchaina chomwe anthu ambiri amaphunzira, chili ndi ma tone 4 kuphatikizapo kena kopepuka kopanda mphamvu. Mā ndi mayi, mǎ ndi hatchi, mà ndi kukalipira. Choopsa kwa a bizinesi ndi ichi, mǎi ndi kugula pomwe mài ndi kugulitsa, ungolakwitsa pang'ono wanena zosiyana ndi zomwe umafuna. Koma ife oyankhula Chichewa tisamaope ngati ndi zachilendo, khutu lathu linazolowera kale. Tikati mtengo wa mnkhalango ndi mtengo wa katundu, kapena khungu la pathupi ndi khungu la kusaona, timalemba mofanana koma pakamwa sizituluka mofanana, ndipo palibe anatijambulira mizere pa bolodi kuti tidziwe, tinangomva kambirimbiri tili ana. Chitchaina chimafunanso zomwezo. Dikishonale ikuuza kuti 你好 ndi nǐ hǎo, onse awiri tone yachitatu, ngati ya mǎ ija, koma mvetserani eni ake, amati ní hǎo, woyambayo amakwera chifukwa ma tone achitatu awiri akatsatizana woyamba amasintha. Lamuloli utha kuliwerenga mu mphindi imodzi koma kuti lilime lilandire pamafunika maola ambiri omvetsera anthu enieni. Ine ndimatenga kachidutswa ka mawu a munthu nkukaika mu Audacity, pulogalamu yojambulira mawu, nayonso ndi ya open source, ndimakabwereza kakhumi, ndikudzijambula ndekha, nkuyerekeza. Ofuna kuona ndi maso mmene liwu likukwerera ndi kutsikira pali Praat, yomwe anapanga Paul Boersma ndi David Weenink ku University of Amsterdam, imajambula mzere wa liwu lako pa sikirini nde umaona wekha kuti apa ndimayesa ndatsitsa koma sindinatsitse.

Ku ma vidiyo kuli chida china chotchedwa asbplayer. Ntchito yake ndi kutenga ma subtitle nkuwasandutsa malemba oti utha kuwakhudza ndi mouse, kuimitsa vidiyo pakutha pa chiganizo chilichonse, kubwerera mmbuyo mzere umodzi, ndipo ukapeza chiganizo chomwe wachikonda umadina kamodzi, chimatenga chiganizocho, mawu a woyankhulayo ndi chithunzi cha pomwepo nkutumiza zonse ku Anki, pulogalamu ya makadi olowezera, kudzera pa ka add-on kotchedwa AnkiConnect. Nde kadi yako siikhala liwu louma lokha ayi, imakhala ndi nkhope ya munthu uja, mawu ake, mkwiyo wake kapena kuseka kwake. Vuto lomwe mukumane nalo ndikuuziretu, ma vidiyo ambiri a ku China, a pa Bilibili ngakhalenso pa YouTube, ma subtitle ake anawotcherera mu chithunzi momwemo, maso akuona koma mouse singawagwire. Pamenepo ena amagwiritsa ntchito zowerenga malemba pa chithunzi ngati Tesseract kapena PaddleOCR, ena amapereka mawuwo kwa Whisper, yomwe OpenAI inatulutsa poyera mu 2022, kuti iwalembere ma subtitle. Zimathandiza, koma chenjerani, ndibwereranso pamenepa.

Anki yomwe ndaitchulayi ndiyofunika ndikhalepo pang'ono chifukwa ndi yomwe inalowa mmalo mwa app inanditsekera ija. Anailemba ndi Damien Elmes ndipo inatuluka mu 2006, dzina lake ndi liwu la Chijapanizi lotanthauza kuloweza. Ganizo lake ndi lakale, Hermann Ebbinghaus anaonetsa kale mu 1885 kuti chinthu chatsopano timachiiwala mwachangu masiku oyambirira kenako kuiwalako kumachepa, nde ukachibwereza pa nthawi yomwe watsala pang'ono kuchiiwala chimakhazikika nthawi yaitali kuposa poyamba. Anki imakuwerengera nthawi imeneyo. Kadi ikabwera umayesa kukumbuka, nkudina Again, Hard, Good kapena Easy, yokha imadziwa kuti iyi ibwerenso mawa, iyi pakatha sabata, iyi pakatha miyezi. Kwa zaka zambiri inkayendera njira ya SM-2 yomwe Piotr Woźniak anapanga mu 1987, ndipo mu 2023 anaikamo ina yatsopano ya FSRS yomwe imaphunzira kaiwalidwe kako iweyo mwini. Ya pa kompyuta ndi yaulere, AnkiDroid ya pa Android ndi yaulere komanso open source, imagwira olo opanda intaneti, ya pa iPhone yokha ndiyo yogula. Ndipo chomwe ndimachikondera koposa, makadi anga onse nditha kuwatulutsa mu fayilo imodzi nkusunga pa flash, pa email, paliponse. Palibenso wonditsekera.

Koma Anki ili ndi msampha wake ndipo ndinagwamo. Chifukwa kupanga kadi ndikosavuta, munthu umafuna liwu lililonse lomwe waona ulitole, nde pakatha milungu ingapo ukutsegula mmawa makadi mazanamazana akukudikira, nthawi yonse yomwe ukanawerenga kapena kuonera imathera pa kudina mabatani, wabwereranso komwe unathawa kuja. Ndinachita kufufuta makadi ambiri ndi mtima wowawa. Pano lamulo langa ndi loti chiganizo chilowe mu Anki pokhapokha ngati muli chinthu chimodzi chokha chomwe sindikuchidziwa, ndipo patsiku sindipitirira makadi atsopano 10. Komanso ma deck, milu ya makadi, opanga anthu ena omwe adzaza pa intaneti ndinawasiya, si oipa, poyambira amathandiza, koma liwu lomwe unalipeza wekha mu nkhani yomwe imakukhudza limamatirira mwa mtundu wina.

Wina afunsa kuti nanga ndingoyamba lero lomwe kuwerenga nyuzi za ku Beijing? Ayi, mungadzipweteke mtima pachabe. Yambani ndi pinyin, njira yolembera katchulidwe ndi zilembo za Chilatini yomwe China inavomereza mu 1958, ndipo muiphunzire ndi khutu chifukwa q, x, c ndi zh sizimveka mmene maso athu akuganizira. Kenako mawu mazana angapo oyambirira. Mayeso a Chitchaina otchedwa HSK mu dongosolo lake lakale la magawo 6 amayamba ndi mawu 150, kenako 300, 600, 1,200, 2,500 mpaka 5,000, ndipo mu 2021 analengeza dongosolo latsopano la magawo 9 lomwe mawu ake amapitirira 11,000. Kumbali ya zilembo, mndandanda womwe boma la China linatulutsa mu 2013 uli ndi zilembo 8,105 koma gawo loyamba la zogwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku ndi 3,500. Manambalawa asakuopseni, akungosonyeza kuti ulendo ndi wautali nde simungauyende ndi zinthu zosakusangalatsani. Kafukufuku wa Marcella Hu ndi Paul Nation wa mu 2000, yemwe anachitika pa ophunzira Chingerezi, anapeza kuti munthu amawerenga momasuka popanda thandizo akamadziwa pafupifupi mawu 98 pa 100 aliwonse. Woyamba kumene sangafike pamenepo ndi nkhani yeniyeni, ndipo ndi mpata umenewu womwe zida izi zimatseka, zimakugwira dzanja pa mawu omwe sukuwadziwa kuti usagwe ulesi nkusiya.

Pali pulogalamu ina ya Lute, yomwe inabadwa kuchokera ku ina yakale ya Learning with Texts, umaikamo nkhani iliyonse yomwe wafuna nde imapaka mitundu, mawu omwe sunawaonepo mtundu wina, omwe ukuwaphunzira mtundu wina, omwe wawadziwa amangokhala oyera. Nkhani yoyamba yomwe ndinaikamo tsamba lonse linali mbuu ndi utoto. Patapita miyezi ndinaitsegulanso nkhani yomweyo, utoto unangotsala apo ndi apo ngati madontho, ndinakhala chete kuyang'ana sikirini kwa kanthawi, chifukwa tsiku ndi tsiku suona kuti ukuyenda, umangoona zomwe sukudziwa. Okonda mabuku pali KOReader, pulogalamu yowerengera mabuku yomwe imalola kuikamo madikishonale ako, ndipo ngati intaneti imakuvutani Kiwix imakulolani kusunga Wikipedia ya Chitchaina nkumawerenga popanda data. Mukapeza nkhani ya zilembo zachikale inu munazolowera zophweketsedwa, OpenCC imatembenuza.

Tsono ndibwerere pa kuchenjera kuja. Makinawa amalakwitsa, ndipo woyamba kumene sadziwa kuti alakwitsa. Chitchaina sichisiya mipata pakati pa mawu, zilembo zimangondondozana, nde pulogalamu iyenera kuganiza yokha pomwe liwu lathera. Ambiri amagwiritsa ntchito jieba pa ntchito imeneyi ndipo imayesetsa, koma taonani chitsanzo chodziwika ichi, 南京市长江大桥. Ukadula bwino ndi Nánjīng shì Chángjiāng dàqiáo, mlatho waukulu wa pa mtsinje wa Yangtze mu mzinda wa Nanjing. Ukadula polakwika zikutuluka kuti Nánjīng shìzhǎng Jiāng Dàqiáo, ngati ukunena za meya wa Nanjing dzina lake Jiang Daqiao, chifukwa chilembo cha 长 chimawerengedwa cháng kapena zhǎng kutengera malo. Olo liwu wamba ngati 东西, ukatenga chilembo chimodzichimodzi ndi kummawa ndi kumadzulo, koma pamodzi dōngxi ndi chinthu basi. CC-CEDICT nayo nthawi zina imakupatsa matanthauzo 8 pa liwu limodzi popanda chiganizo chachitsanzo, kusankha nkwako. Whisper ikakumana ndi nyimbo kumbuyo kapena anthu oyankhula mophatikizana imatha kulemba zomwe sizinanenedwe nkomwe. Ine ndinalowezapo chiganizo cholakwika kwa milungu ingapo mpaka mnzanga wina woyankhula Chitchaina chobadwa nacho anandifunsa kuti kodi zimenezi wazitenga kuti. Nde chida chikhale chida, mutu ukhalebe wako, ndipo chomwe chakukayikitsa kachifufuzenso pena, webusaiti ya Tatoeba ili ndi ziganizo zambiri zachitsanzo zomwe anthu amaika mwaulere.

Umboni woti open source siifa wamba ulipo waposachedwa. Panali extension yotchuka ya Yomichan yomwe ophunzira Chijapanizi ankaidalira kwambiri, mwini wake analengeza mu 2023 kuti wasiya kuisamalira. Ikanakhala ya kampani bwenzi nkhani itathera pomwepo. Koma poti code inali poyera anthu ena anaitola nkuitcha Yomitan, ndipo pano ikugwira zinenero zambiri kuphatikizapo Chitchaina, utha kuikamo CC-CEDICT ndi madikishonale ena nkuilumikiza ndi Anki. Ndikaganiza za mawu anga aja omwe anatsekeredwa, nkuona izi, kusiyana kwake ndimakumva mmafupa.

Sindikufuna ndiname kuti zonse ndi zofewa. Kuika zinthuzi kuti zigwirizane kumatopetsa, malangizo ake ambiri ali mu Chingerezi cha anthu a makompyuta, zina ngati Lute zimafuna kompyuta osati foni yokha, ndipo tsiku lina browser ikasintha china chake chimasiya kugwira mpaka odzipereka aja apeze nthawi yokonza. Loweruka langa lathunthu linapita ndikulimbana kuti asbplayer iyankhulane ndi Anki. Ma app olipira amaoneka bwino ndipo amangogwira, ndi chifukwa chake anthu amawakonda, ndipo ena mwa iwo ndi abwino zedi. Komanso aphunzitsi sindikuwachotsa ntchito, palibe pulogalamu yomwe ingakuuze mokoma mtima kuti tone yako yachiwiri ikumveka ngati yachitatu, kapena kuti mawu amenewo sungauze munthu wamkulu. Kuyankhula kumafuna munthu. Kulemba ndi dzanja nako kumafuna pepala ndi cholembera, ngakhale zida ngati Hanzi Writer ndi Make Me a Hanzi zimakuonetsa bwino mzere woyamba ndi wotsatira. Chinanso, kukhala ndi chida chotsegula chilichonse si chilolezo chobera mabuku ndi mafilimu a eni ake, zaulere zovomerezeka zilipo zambiri zoti munthu sungazimalize.

Pempho langa lenileni ndi ili, Akonzi, ndipo likupita kwa owerenga anu omwe Chitchaina anachidziwa kale, omwe anakaphunzira ku China nkubwerako, omasulira, aphunzitsi, ndi achinyamata odziwa za code. Zida zonse ndatchulazi zimatifotokozera Chitchaina kudzera mu Chingerezi. Ndiye kuti munthu yemwe Chingerezi chimamuvuta watsekeredwa kunja kawiri, ndipo olo ife omwe timachimva timayenda ulendo wozungulira, kuchoka ku Chitchaina kupita ku Chingerezi kenako nkufika kwathu ku Chichewa, pomwe zinthu zina zikanalunjika. Chitchaina chimasiyanitsa 哥哥 gēge ndi 弟弟 dìdi, Chingerezi chimachita kuwonjezera mawu kuti chifotokoze, pomwe ife timangoti mkulu ndi mng'ono nkumvana. Chili ndi 您 nín yaulemu pambali pa 你 nǐ, ife tili ndi inu ndi iwe, palibe chofotokoza. Anthu a zinenero zina anaona zimenezi kale nkuchitapo kanthu, Ajeremani ali ndi HanDeDict, Afalansa ali ndi CFDICT, a ku Hungary ali ndi CHDICT, onsewo madikishonale otseguka a mtundu womwewu. Nanga ya Chitchaina ndi Chichewa ingalephereke pati? Sitikufunika kuyamba ndi mawu 120,000 ayi. Mawu 150 a HSK yoyamba anthu asanu atha kuwamasulira pa sabata imodzi, nkukangana bwinobwino kuti apa tiike liwu liti, kenako 300, kenako 600. Fayilo yake ndi ya malemba wamba monga ndanenera, mzere umodzi liwu limodzi, ndipo ikangokhalapo itha kusandutsidwa kuti ilowe mu Yomitan kapena kukhala deck ya Anki yoti aliyense aike pa foni. Mutu umodzi susenza denga, ine ndekha ndingalakwitse zambiri chifukwa Chitchaina changa chikadali panjira.

Ineyo ndayambapo kale mu kope langa, ndafika pa mawu 90, ndipo ndakakamira pa 了 le yemwe uja, sindikupeza njira yachidule yomufotokozera mu Chichewa yoti ikwane mzere umodzi. Ngati mungatsegule kangodya mu nyuzipepala yanu, olo kamodzi pa mwezi, koti ofuna ntchitoyi azipezanapo ndi kuonetsana zomwe amasulira, ine mawu anga 90 aja ndibweretsa tsiku loyamba lomwelo kuti odziwa awakonze.

Ine wanu,
Wowerenga wokonda zinenero